Mota imodzi kapena mamota awili? Funsani mseu wa ku Rufunsa

Pa Ciwelu cina n'nali pa car wash ku Kabwata, kuyembekezela kuti atsilize kutsuka ka Vitz ka akulu anga, pamene anyamata anayamba kukangana pa vidiyo ya pa foni. Inali BYD Seal, motoka ya magetsi ija imene kumbuyo kwake analembako 3.8S, kutanthauza kuti ikanyamuka imafika pa liwilo la makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.8 cabe. Wina anati, "A boyi, nikagwila ndalama ni iyi. Mamota awili, ina kutsogolo ina kumbuyo. Palibe wonipitilila pa Great East." Onse anavomela. Ine n'nafunsa kuti, "Great East yake iti? Ya pa Manda Hill na Arcades, kapena ya kuseli kwa Chongwe?" Anaseka, koma ine n'nali kufunsa zoona.

Kwathu ni ku Rufunsa, kufupi na Mpanshya, pafupifupi makilomita 180 kucoka mu Lusaka. Ise a kumeneko motoka timaiyesa na cinthu cimodzi. Foni ikalila usiku kuti ku mudzi kwagwa malilo, kodi motoka inganifikitse na kunibweza popanda kugona pa mseu? Ambili a ise okhala mu Lusaka tili na mudzi wotelo kum'mawa, kaya ni Chinyunyu, Nyimba, Petauke olo Katete. Conco maganizo anga ni awa: kwa wacicepele wa mu Lusaka amene alota motoka ya magetsi, mota imodzi na batili yaumoyo n'zofunika kuposa mamota awili. Mota yaciwili imalipilidwa kawili, coyamba na ndalama pogula, caciwili na makilomita pa mseu umene ulibe pochajila.

Nkhani imeneyi si ya maloto monga mmene inalili kale. Mu bajeti ya 2024, imene nduna ya za cuma a Situmbeko Musokotwane anawelenga mu September 2023, boma linacotsa msonkho wa pa boda pa mamotoka, mabasi, mathilaki na njinga zamoto za magetsi, kuphatikizapo machaja ake. Mitengo ya petulo nayo timaidziwa mmene imatipwetekela nthawi zonse ERB ikalengeza. Oyendetsa Yango na aja otumiza katundu ayamba kale kuwelengela. M'zaka zikubwelazi ambili a ise tidzaimilila patsogolo pa wogulitsa, olo patsogolo pa foni tili kuyang'ana mamotoka a ku Japan na China, ndipo tidzaona mau akuti single motor, dual motor, RWD na AWD. Ni bwino kuwamvetsa tikalibe kutulutsa ndalama.

Motoka ya magetsi ilibe injini. Ili na batili yaikulu pansi pa mipando, na mota, cipangizo ca waya wa kopa na citsulo cimene cimazungulutsa mawilo. Mota ni yosamala maningi: pa magetsi amene yalandila, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amasanduka kuyenda, pamene injini ya petulo imataya mbali yaikulu ya mafuta monga kutentha. Opanga amaika mota m'njila zitatu zodziwika. Ina ili kutsogolo na kukoka motoka, monga mu Nissan Leaf. Ina ili kumbuyo na kukankha, monga mu Seal ya mota imodzi. Ndiye pali ya mamota awili, ina pa mawilo a kutsogolo ina pa a kumbuyo, cakuti mawilo onse anayi amagwila nchito. Mota yaciwili siibwela yokha. Imabwela na bokosi lake losintha magetsi a batili kuti mota iwagwilitse nchito, magiya ake na mashafuti ake.

Tiyeni titenge Seal yomweyo imene anyamata anali kuilakalaka, cifukwa mitundu yake iwili ili na batili yofanana, ya 82.5 kWh. Ya mota imodzi ili na mphamvu ya 230 kW, imafika pa 100 m'masekondi 5.9, ndipo pa muyeso wa ku Ulaya wochedwa WLTP imayenda makilomita 570 pa chaji imodzi. Ya mamota awili ili na 390 kW, masekondi 3.8, na makilomita 520. Mwapindula masekondi awili, mwataya makilomita 50. Mtunda umenewo ni wofanana na kucoka mu tauni kufika ku Chongwe n'kupitililako pang'ono. Ya mamota awili imalemanso kuposa inzake na makilo 130, monga kuti tsiku lililonse muyenda na masaka asanu a unga a makilo 25 amene simungawatsitse.

Kulema ni mbali imodzi cabe. Mbali ina ili m'kati mwa mota. Mamotoka ambili a masiku ano ali na mota ya maginito osatha mphamvu, imene imadya magetsi ocepa ikamagwila nchito. Vuto lake n'lakuti maginito sazima. Mukamayenda pa mseu wosalala, mota imodzi imakwanitsa nchito yonse, koma mawilo amazungulutsabe mota inayo, ndipo maginito ake amakoka citsulo cowazungulila monga buleki yaing'ono yosaoneka. Opanga amadziwa zimenezi. Tesla mu Model 3 na Model Y, komanso BYD mu Seal, amaika kutsogolo mota ya mtundu wina yochedwa induction, imene ilibe maginito, cakuti akaidula magetsi imangozungulila mosavuta. Hyundai Ioniq 5 na Kia EV6 ali na kacipangizo kolumula mota ya kutsogolo ku mawilo pamene siifunika. Nzelu zimenezi zimacepetsa kutaya, koma magiya na mabelingi amakhudzanabe, ndipo makilo aja sacoka.

Manje tiyeni tiike manambala amenewa pa mseu wathu. Muyeso wa WLTP umasakaniza kuyenda kwa mu tauni na kwa pa mseu waukulu, pa nyengo yabwino, popanda AC. Ulendo wa ku malilo suli conco. Muli anthu asanu, mu buti muli unga, kabichi na mafuta ophikila, AC ili kulila, ndipo kupitilila Chinyunyu mseu umangokwela na kutsika. Ine nikamawelengela ulendo wotelo nimacotsa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ya mota imodzi itsala na makilomita pafupifupi 430, ya mamota awili 390. Kupita ku Mpanshya na kubwela ni 360. Woyamba adzalowa mu Lusaka ali na makilomita 70 m'thumba, waciwili 30. Koma ndani anapitako ku malilo na motoka osatumidwa? Kukatenga ambuya ku mudzi wina, kupeleka wodwala ku St Luke's, kukagula cakuti ku boma. Makilomita 30 aja atha mukalibe kulaila.

Wina adzati, "Si ungachaje pa soketi ku mudzi?" N'zotheka ngati nyumba ili na malaiti. Koma chaja ya pa soketi wamba imakoka pafupifupi 2.3 kW. Kuti mubweze makilomita 40 amene mota yaciwili yadya, mufunika maola atatu kapena anayi. Kudzaza batili yonse ya 82.5 kWh pa soketi yotelo ni tsiku na theka. Ndipo tonse tikumbukila 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza mu February kuti ni tsoka la dziko lonse, ndipo m'makomboni ambili malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku. Dziko limene mbali yaikulu ya magetsi ake imacokela ku madzi lifunika kukumbukila kuti caka cotelo cingabwelenso. Ku Norway olo ku China, kutaya makilomita 50 kutanthauza kuima mphindi zocepa pa chaja yofulumila. Kwa ise machaja a anthu onse akali ocepa, ndipo ali m'matauni akuluakulu. Makilomita amene mwanyamuka nawo mu Lusaka ndiwo cuma canu conse.

Nifunika kukamba cilungamo, cifukwa mamota awili sakhala olakwa nthawi zonse. Mu 2014, pamene Tesla inatulutsa Model S ya mamota awili, muyeso wa boma la America unapeza kuti 85D imayenda makilomita pafupifupi 435, kuposa 426 a ya mota imodzi ya batili yofanana. Cinacitika n'cakuti mamota awili ang'onoang'ono analowa m'malo mwa mota imodzi yaikulu yakale, ndipo kompyuta inali kusankha mota yosamala magetsi pa liwilo lililonse. Phunzilo lake n'lakuti kapangidwe ni kofunika kuposa kungowelenga mamota. Koma kucokela nthawi imeneyo mota imodzi yakhala yosamala kwambili, ndipo pa mamotoka ambili a masiku ano, mukayelekezela mitundu iwili ya batili imodzi, ya mota imodzi ndiyo imafika patali.

Apa m'pamene ogulitsa amatisokoneza. Kambili mtundu wa mamota awili umabwela na batili yaikulu, ndiye pa pepala umaoneka kuti uyenda kutali kuposa wa mota imodzi wa batili yaing'ono. Munthu n'kuganiza kuti mota yaciwili ndiyo yawonjezela mtunda, pamene ni batili. Cina ni muyeso. Seal yomweyo ya makilomita 570 pa WLTP, ku China imalembedwa 700 pa muyeso wawo wa CLTC, umene uli na kuyenda pang'onopang'ono kwa mu tauni kwambili. Mamotoka akale a ku Japan nawo ali na manambala a JC08, amene ni okoma kuposa zenizeni. Mukaona nambala ya makilomita, funsani kuti batili ni ya ma kWh angati, ndipo muyeso ni uti. Popanda mayankho awili amenewa, nambala ija ni yokongoletsa cabe.

Nanga mapili? Anyamata a pa car wash anakamba kuti ku Manenekela kufunika mamota awili. Aliyense amene anadutsako pa basi amawadziwa makona aja na zigwa za m'mbali, ndipo amadziwa mathilaki amene anathela kumeneko. Koma kukwela phili la tala si nkhani ya mamota angati. Mota imodzi ya 230 kW ili na mphamvu kuposa injini za ma Hilux amene amakwela mapili amenewo tsiku lililonse. Cimene phili limafuna ni magetsi. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja, ndipo pofika pa Luangwa Bridge mumakhala mutatsika mamita 800 kapena kuposapo. Kukweza motoka ya matani awili mamita 800 kumadya pafupifupi 5 kWh, imene pa mseu wosalala ikanakuyendetsani makilomita 25 kapena 30. Conco batili imene yakufikitsani pa mlatho na theka siingakubwezeni na theka lotsalalo. Pobwela m'pamene pali nchito.

Potsika, motoka ya magetsi ili na mwayi umene ya petulo ilibe. Mukacotsa phazi, mota imasanduka jeneleta, n'kubweza magetsi mu batili uku ikucepetsa liwilo. Mabuleki satentha, ndipo pa mtsetse wautali cimeneci ni citetezo ceniceni. Mamota awili amakwanitsa kubweza magetsi ambili pa kuima kwadzidzidzi, ndipo pa mseu wonyowa amagawa kugwila kumeneku pa mawilo onse anayi. Ubwino umenewu ulipodi. Koma pa kutsika kwa bwinobwino, mota imodzi imatolela pafupifupi zonse zimene phili lingapeleke. Musaiwale zinthu ziwili. Zimene zimabwela potsika n'zocepa kuposa zimene munalipila pokwela. Ndiponso batili yodzala siilandila magetsi ena, conco mukachaja mpaka 100 pelesenti pamwamba pa phili, potsika mudzadalila mabuleki monga wina aliyense.

Pali mdani wina wamkulu kuposa mota yaciwili, ndipo ali mu nsapato yanu. Mphepo imene motoka imakankha imakula mofulumila kuposa liwilo. Kucoka pa 100 kufika pa 120, mphamvu ya mphepo yolimbana na motoka imakwela na 44 pelesenti. Wa mota imodzi wothamanga pa 130 adzaima pa mseu, wa mamota awili woyenda pa 90 n'kumupitilila. N'cifukwa cake nimakayikila motoka ya masekondi 3.8. Palibe amene amagula mphamvu ya 390 kW kuti aziyenda monga agogo. Muyeso wa WLTP umaonetsa kusiyana kwa makilomita 50 dilaiva ali wodekha pa mamotoka onse awili. Ikani mnyamata wa zaka 26 pa siteling'i, anzake ali kumbuyo kumucemelela, muone ngati kusiyanako kudzakhalabe 50.

Zoona zake, ambili a ise sitidzayambila pa Seal. Tidzayambila pa Nissan Leaf yogwilapo nchito ya ku Japan, ya mota imodzi kutsogolo. Apa funso la mamota latha, latsala la batili. Leaf yakale ya 24 kWh, olo pamene inali yatsopano, inali kuyenda makilomita osapitilila 135 pa muyeso wa ku America, kutanthauza kuti siikanafika pa boma la Rufunsa, pa makilomita oposa 150. Ya 40 kWh, imene inayamba mu 2017, ili na 270 pa WLTP ikali yatsopano. Batili ya ma Leaf akale amenewa ilibe madzi oiziziritsa, ndipo kutentha kumaikalambitsa msanga, monga kuja kwa mu October ku cigwa ca Luangwa kumene nthawi zina kumapitilila madigili 40. Pa dashibodi pali timizele 12 toonetsa umoyo wa batili, ndipo kamzele koyamba kakazima ndiye kuti pafupifupi 15 pelesenti yapita. Leaf ni yabwino maningi kucoka ku Chelstone kupita mu tauni na kubwela. Muigule muli kudziwa kuti ku mudzi mudzakwelabe basi pa Intercity.

Ndani afunikadi mamota awili? Alipo. Namwino, wa zaulimi kapena wogula mbewu amene nchito yake imamucotsa pa tala kuloza kwa Shikabeta m'nyengo ya mvula adziwa cimene matika na mcenga wa m'tumitsinje zimacita kwa motoka yokoka na mawilo awili. Kwa iye makilomita 50 ni mtengo woyenela kulipila. Koma naye ayang'ane pansi pa motoka coyamba. Seal na Model 3 n'zotsika, ndipo batili, cinthu codula kupambana zonse, ili pamimba penipeni. Mamota awili sangakuthandizeni mimba ikakhala pa mwala. Ku miseu yotelo, kutalika kwa motoka kucoka pansi na matayala olimba zimabwela patsogolo. Mashiini okulu onyezimila aja a mawilo, amene kambili amabwela na mitundu yodula, amadyanso makilomita ndipo amapindika pa pothole yoyamba.

Nkhani ya malo a mota ifikanso kwa amene aganizila njinga yamoto ya magetsi, imene ndiyo ambili tingakwanitse. Zina zili na mota m'kati mwa wilo ya kumbuyo. Zilibe cheni, n'zosavuta kusamala, ndipo pa mseu wosalala wa mu tauni zimadya pang'ono. Koma pa citunda cacitali na katundu wolema, wilo imazungulila pang'onopang'ono, mota nayo n'cimodzimodzi, ndiye magetsi ambili amasanduka kutentha. Zina zili na mota pakati pa njinga, yopeleka mphamvu ku wilo kupitila mu cheni olo lamba, cakuti mota imazungulila mofulumila olo njinga ili kukwawa. Wopeleka cakudya ku Kabulonga angasankhe yoyamba. Wonyamula masaka m'mapili a Rufunsa aganizile yaciwili.

Kwa boma na amalonda pempho langa ni laling'ono. Kucotsa msonkho kunali bwino, koma motoka yopanda pochajila ni motoka ya mu tauni cabe. Lusaka na Chipata zatalikilana makilomita pafupifupi 570, ndipo mamotoka ambili mwa amene nachula sangamalize mtunda umenewo pa chaji imodzi pa liwilo la pa mseu waukulu. Machaja ofulumila odalilika pa Chongwe, pa Rufunsa, pa Luangwa Bridge na pa Nyimba, okhala na sola na mabatili awoawo kuti asagone pamodzi na load shedding, angasinthe masamu onse amene nacita pamwambapa. Azimayi ogulitsa nsomba zouma na madengu pa mlatho sangadandaule kuona anthu akuima theka la ola. Ogulitsa mamotoka nawo azilemba poyela kukula kwa batili na dzina la muyeso, monga mmene wogulitsa unga amalembela makilo pa saka.

Tsiku limene machaja amenewo adzaimikidwa, nidzabwelela pa car wash ku Kabwata kukauza mnzanga uja kuti agule 3.8 yake na mtima umodzi. Pakali pano, ngati muli na mudzi kuseli kwa Chongwe, tengani pepala mukalibe kulipila dipoziti. Lembani makilomita a kupita na kubwela, wonjezelani 30 a kutumidwa, cotsani gawo limodzi mwa anayi pa nambala ya WLTP, muone mtundu umene utsala na kanthu. Kwa ine wa ku Mpanshya, masamu amenewa amanipatsa mota imodzi.